Chitenje cha Nkhanga

Al Mansoura, Doha
6 Okutobala 2024

Okondedwa achemwali anga a Maness,

Muli bwanji ku Mponelako? Ana ali bwanji, nanga alamu? Ine kuno ndili bwino, koma msana wokha, poti mabedi a mu hotela muno satha kuyala. Kalatayi ndalemba papepala n'kuijambula pa foni monga mwa nthawi zonse, paja mumati ndikatumiza mawu ndimalongolola ngati wailesi.

Nkhani ndi iyi. Pa 6 Disembala kuntchito kwathu ku Msheireb kuli kanivo ya antchito. Anthu a dziko lililonse amavala zakwawo n'kuguba pabwalo la hotela, ng'oma zikulira, mabwana akujambula. Chaka chatha ndinachita manyazi osaneneka. Ndinalibe chovala, mnzanga wa ku Kenya n'kundibwereka mikanda yake, ndipo wolengeza anangondiphatikiza ku Kenya komweko. M'hotela monse muno Mmalawi ndili ndekha, ndipo ukati Malawi amakufunsa kuti, "Mali?" Chaka chino khalas, zimenezo zatha. Atidziwa.

Tsegulani sutikesi yanga ili pansi pa bedi la malemu mayi. Pansi penipeni pali chitenje changa cha nkhanga, chija ndinagula kuno kwa mayi wa ku Ghana: buluu woderako, nkhanga zoyera, m'mphepete mwa golide. Ndi wakisi weniweni, mayadi sikisi, lumo silinachikhudzepo.

Mundisokere bulauzi yogwira thupi, yotambalala m'chiuno, manja ake ofufuma ngati mandasi a ku depoti. Mapewa abisike, chifukwa kuno phewa likangosuzumira supavaiza amakubweza pakhomo. Siketi ikhale ya nsomba, yothina mpaka m'mawondo kenako imwazike pansi. Kumbuyo musang'ambe mpata, ndikukaguba sindikukagulitsa miyendo. Nkhanga zonse ziyang'ane mbali imodzi, osati ina ikuyenda ina ili chadodolido. Nsalu yotsala ikhale duku lalikulu, loti ngakhale a ku Nigeria atembenuke. Ndolo ndi nsapato ndagula kale.

Miyezo ndi yomwe ija, koma m'chiuno muwonjezere zala ziwiri. Mpunga wa kuno ulibe chisoni.

A Edwin, adalaivala amene timapemphera nawo kuno, ali pa holide kwawo ku Dowa ndipo abwerera pakati pa Novembala. Mudzawapatse iwowo. Ndanena nthawi ikadalipo, paja nkhanga zinapangana kusanapse.

Ndine mng'ono wanu,
Jenifer


Mponela
15 Okutobala 2024

Jeni mng'ono wanga,

Tadzuka bwino tonse, kaya iwe. Kuno dzuwa likuswa mtengo, mvula sinaonetse chizindikiro. Junior wayamba sitandade faifi ndipo akuti azakhali... ayi ndalakwa, akuti amayi ake aang'ono a ku Qatar amutumizire mpira. Loweruka tinakalambula pamanda a mayi, tabzalapo maluwa.

Za kanivo ndamva, ndipo ndasangalala kuti ukaimirira dziko. Koma tamvera maganizo anga monga telala. Ngati ukufuna anthu adziwe kuti ndiwe Mmalawi, nkhanga ziwauza chiyani? Nkhanga zili paliponse. Kuno kwabwera zitenje za mitundu ya mbendera, chakuda, chofiira ndi chobiriwira, dzuwa lili pakati. Chimenecho ukavala palibe angakufunsenso za Mali. Nditha kukusokera sitayilo yomweyo, manja a mandasi ndi duku lako lomwe.

Chinanso, wakisi ndi wouma. Pa siketi ya nsomba sagwa bwino, amaima ngati katoni. Komanso makiyi a sutikesi ija sindikuwaona, mwina anasokonekera nthawi ya maliro, paja m'nyumba munali anthu ambiri.

Undiyankhe kuti ndikagule cha mbenderacho asanachimalize. Usamale msanawo, uzipaka mankhwala.

Ndine mkulu wako,
Maness


Al Mansoura, Doha
17 Okutobala 2024

Achemwali,

Moni ndapereka, koma mtima wanga suli bwino.

Makiyi ati? Sutikesi ija loko wake anathyoka pa eyapoti chaka chatha, ndipo munathandiza kuimanga ndi chingwe ndinu nomwe. Mwaiwala? Zaka zonsezi mwakhala mukusokera akwatibwi masiketi a nsomba a wakisi, lero wakisi wauma chifukwa mwini wake ndine? Ndipo ine si mlongoti wa pa sukulu woti mundikoleke mbendera. Akazi a ku Nepal adzabwera atadzikulunga silika, a ku Uganda ndi magomesi awo a mapewa osongoka, ine ndidzatulukire ngati ndikupita kumsonkhano wa chipani?

Ndinakupemphani chinthu chimodzi chomveka bwino. Simunandiyankhe kuti chitenje chilipo kapena palibe, mwangozungulira ngati galu wofuna pogona. Ine ndimakudziwani. Mukayamba kundiuza za maluwa ndi mpira wa Junior ndiye kuti pali chimene mwakhalira.

Ngati mwachisirira, nenani. Koma dziwani kuti mayi enieniwo anachipempha nditabwera pa holide. Anachiyala pamiyendo, n'kumachisisita, amvekere, "Jeni, ichi chokha undipatse, ndizikavala ku tchalitchi." Ndinawakaniza. Ndinawapatsa zitenje zina ziwiri, ndinati ichi n'changa, mundisungire. Ndiye ngati ndinakaniza mayi ondibereka, inu mukuganiza kuti mungachitenge mwakachetechete?

Chimwalirireni mayi mu Juni simundiuza kanthu kolunjika. Zonse ndimamva theka. Ndikudziwa kuti mumandiona ngati wothawa maliro, koma sindinachite dala. Chilolezo chopita kumudzi chinatuluka mayi ataikidwa kale, ndipo inu mukudziwa zimenezi. Tsiku limenelo ndinayala mabedi misozi ili chuchuchu, mlendo wina n'kukandinenera kuti ndanyowetsa pilo.

Yalla, fulumirani achemwali. Tsegulani sutikesi, mujambule chitenjecho, munditumizire chithunzi lero lomwe.

Jenifer


Mponela
9 Novembala 2024

Jeni,

Tili bwino. Mauthenga ako onse a masabata atatuwa ndawaona, ndipo foni ikamalira ndimaimva. Sindinayankhe chifukwa ndinali pa makina.

Zovala zako ndasoka, za nkhanga monga unanenera. Bulauzi, siketi ndi duku. Mkati ndaikamo nsalu yofewa kuti isakukande. Nkhanga zonse zikuyang'ana kumanja, ndinachita kudula chidutswa chilichonse pachokha kuti zikumane pa msoko. M'chiuno ndawonjezera zala zitatu osati ziwiri, poti ndinaona chithunzi chako cha mwezi watha.

A Edwin ndakumana nawo dzulo pa Dowa Turn Off, phukusi ali nalo. Muli ndi chiponde komanso thelele louma lochokera kwa mayi athu aang'ono, a Fanny.

Ukavale, ukagube, usaganize zambiri. Usachichape kanivo isanachitike.

Maness


Al Mansoura, Doha
21 Novembala 2024

A Maness,

Lero sindikufunsani kuti mwadzuka bwanji, chifukwa munthu wochita zimene mwachitazi amadzuka bwino ndithu.

A Edwin afika. Phukusi ndinalitsegula pamaso pa Halima, mnzanga wa ku Mangochi wogwira ntchito kwina, amene ndimagona naye chipinda chimodzi, nditamuuza kale kuti aona chitenje chimene sanachionepo. Anachigwira, anachitembenuza, n'kungoti, "Habibti, mnzanga, ichi ndi chimenecho?" Ndinalakalaka pansi patang'ambika.

Mumandiyesa mwana? Wakisi weniweni kunja ndi mkati n'chimodzimodzi. Ichi mkati mwake n'chotuwa ngati thumba la ufa. Golide wa m'mphepete ndi utoto wachikasu. Nkhanga zanga zinali zonenepa, maanga ake owerengeka, izi zili ngati nkhuku za chitopa. Ndipo mwati ndisachichape? Ndinaviika kansonga ka duku m'beseni, madzi onse buluu! N'chifukwa chake munaika nsalu mkati, kuti ndisaone kuseri. Munakhala pansi, munaganiza, munapita kukafuna chofanana nacho chotchipa, n'kusoka mwaluso lanu lonse kuti mupusitse mng'ono wanu. Kasokedwe kokha ndiye palibe chonena, chikundikhala ngati munandiyeza dzulo, ndipo chimenecho n'chimene chikundipsetsa mtima kwambiri.

Changa chili kuti? Mwagulitsa kwa mkazi wa ndani? Kapena mwachisunga kuti mudzavale ine ndikadzafa? Ndimatsuka zimbudzi za anthu osandidziwa dzina kuti ndikhale ndi kanthu kamodzi kabwino kotchedwa kanga, inu n'kukatenga ngati mukuthyola masamba a maungu m'munda mwa mayi.

Anthu amanena kuti telala aliyense ndi wakuba nsalu, ine ndinkakukanirani. Pano ndasiya. Ndalemba pa gulu la banja, ndalembanso pa gulu lija la amayi a ku Mponela, ndaika ndi zithunzi za beseni. Ndanena kuti aliyense amene anasiya nsalu kwa a Maness telala apite akaiyeze, ndipo aitembenuze aone kuseri. Poti inu mwasankha kukhala chete, akufunsani ndi anthu.

Musandiimbire. Mukafuna kulankhula nane, yambani mwatumiza chithunzi cha chitenje changa.

Jenifer


Mponela
26 Novembala 2024

Iwe Jenifer,

Ndine mayi ako aang'ono, Fanny. Moni ndikupatsa chifukwa ndinaleredwa, osati chifukwa wandisangalatsa. Mkulu wako wandiletsa kulemba kalatayi, koma iye sangandiletse ine, ndinamusintha matewera.

Ukudziwa chimene wachita? Khonde losokerapo Maness lili mbee. Amayi abwera mmodzimmodzi kudzatenga nsalu zawo, ena osapereka n'komwe moni. A ukwati wa kwa a Wickson anabwera ndi tepi, anayeza nsalu zawo pamaso pa anthu pamsika, anapeza zonse zili bwino, koma anatengabe. Makina aja akhala osalira chiyambire Lachisanu. Ana ake amadya za makina amenewo. Iwe uli kutali uko wangodina foni ndi chala chimodzi.

Tsono tsegula makutu. Unachoka kuno uli wamkulu, mwambo ukuudziwa. Mayi akamwalira, amayi osambitsa akamaliza ntchito yawo, mwana aliyense amapereka nsalu yake yofunditsa mayi wake m'bokosi. Amaitana mmodzimmodzi, m'nyumba mutadzaza anthu. Maness anapereka yake. Mlongo wako Nedson anapereka yake. Kenako mayi wina wa kuchimuna, ndisamutchule, anakweza mawu kuti, "Nanga ya wa ku Qatar ili kuti? Kapena kumeneko nsalu kulibe?" Ena anayamba kugwirana m'nthiti. Unatumiza ndalama ya bokosi, inde, tinalandira, koma munthu safunda ndalama.

Maness anadzuka. Analowa kuchipinda, anamasula chingwe cha sutikesi yako, anatuluka ndi chitenje cha nkhanga, n'kunena kuti, "Jeni anatumiziratu iyi. Anati mayi ake adzapite ndi imeneyi." Atachitambasula, mayi wa pakamwa uja anatseka kukamwa. Osambitsa anati pazitenje zonse chimenecho chikhale pamwamba. Anthu poona nkhope anaona mayi ako ali m'nkhanga zako mpaka m'khosi, ndipo mpaka lero kumudzi amati mwana wa ku Qatar anawalemekeza mayi ake kuposa onse.

Chitenje chako chili kumeneko. Ukachifuna, khasu lili kuseri kwa nyumba.

Ndinamuuza Maness kalekale kuti akuuze. Anakana. Anati, "Mayi anachipempha ali moyo, Jeni anawakaniza. Akamva kuti anachilandira atafa, mwana uja ali yekha kuchilendo, adzadwala." Ndiye anatseka khonde masiku awiri, anazungulira msika wonse wa ku Lilongwe kufunafuna nkhanga, n'kupeza zokhazo za chitopazo. Ndinamuuza kuti ndi uchitsiru, iwe maso ako pa nsalu ndi a mphamba. Nonse awiri ndinu ouma mitu ngati malemu mayi anu.

Tsopano mpira uli kwa iwe... ayi, ndinene Chichewa: mtolo wausenza wekha. Maness akuti usalembe kanthu, zizizira zokha, chifukwa ukanena zoona mudzi wonse udziwa kuti sunatumize nsalu ndipo mayi uja adzaseka mpaka Khirisimasi. Akuti bola iye atchedwe wakuba kusiyana n'kuti iwe utchedwe mwana wosafunditsa mayi ake. Ine ndikuti zimenezo n'zamisala, dzina la telala likada silichapika. Koma pakamwa ndi pako, paja ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata.

Thelele lija udye, lisaonongeke.

Mayi ako aang'ono,
Fanny


Al Mansoura, Doha
7 Disembala 2024

Achemwali anga a Maness,

Muli bwanji? Ana ali bwanji? Ndikufunsa moona.

Mwaona kale zimene ndalemba pa magulu onse awiri, pomwe paja ndinaika beseni. Ndanena zonse: kuti nsalu sindinatumize, kuti mayi anachipempha ndinawakaniza, kuti amene anandibisa manyazi tsiku la maliro ndinu, ndipo wabodza pa nkhani ya kuba ndine. Mayi wa kuchimuna uja wayankha kale ndi tinkhope toseka. Aseke, mano ndi ake. A kwa a Wickson ndawaimbira ndekha, akuti abweza nsalu Lolemba. Enawo sindikudziwa ngati abwerere, ndipo chimenecho chikundidya.

Koma musaganize kuti mtima wanga watsika. Ndakwiya nanu, achemwali, ndakwiya kwambiri. Munandiyesa dzira. Miyezi yonseyi ndakhala ndikugona ndi chinthu chimodzi pachifuwa, choti mayi anapita opanda kanthu kanga, kuti manja a anthu onse anawagwira kupatula anga. Inu mukudziwa kuti anapita atafunda ine, n'kukhala chete! Mumati ndidzadwala? Ndinali kudwala kale. Mankhwala munali nawo m'manja n'kuwabisa, kenako n'kunditumizira nkhuku za chitopa. Ndani anakuuzani kuti zoona zikanandipha? Ndadzikwiyiranso ine mwini, koma zimenezo n'zanga, sindikugawirani.

Kanivo inachitika dzulo. Ndinavala zomwezo. Halima anandimanga duku mpaka linatsala pang'ono kugunda chitseko cha sitima ya metro. Wolengeza anati "Malawi" bwinobwino, poti ndinamuphunzitsa sabata yonse, ndipo ndinaguba ndekha kumbuyo kwa chikwangwani. A ku Ghana anadziwa kuti nsalu ndi yabodza, ndinawaona akunong'onezana. Koma anabwerabe kudzatembenuza msoko, amvekere, "Wasoka ndani?" Ndinati mkulu wanga, ku Mponela, ndipo sasokera aliyense. Mphotho anatenga a ku Nepal. Ine ndinatenga buluu m'khosi ndi m'khwapa, thukuta litasungunula utoto, moti mpaka pano sakuchoka. Supavaiza anafunsa ngati ndamenyedwa.

Tsopano ndili ndi funso limodzi, ndipo mundiyankhe molunjika, osayamba ndi mvula kapena mpira wa Junior. Chitenje chija chinakhala chopinda m'sutikesi chaka chathunthu. Mayi mukuwadziwa, sankatuluka ndi nsalu ya makwinya ngakhale popita kuchigayo. Kodi munachisita musanawafunditse?

Ndine mng'ono wanu,
Jeni


Mponela
8 Disembala 2024

Jeni,

Ndinasita. Magetsi anali atazima, ndiye ndinakabwereka simbi ya makala kwa aneba athu a Hanifa. Osambitsa anadikira, adzukulu anadikira, abusa anatumiza munthu kawiri kudzafunsa chochedwetsa. Ndinasita mayadi onse sikisi, kunja ndi mkati, mpaka mzere wa popinda unatha.

Nkhanga zonse zinayang'ana kumutu kwa mayi.

Buluu wa m'khosiyo upake ndimu.

Mkulu wako,
Maness